Chipilala cha pa Nkhalamba

Bambo anga anali ndi zala zisanu ndi ziwiri zokha kumapazi. Zitatu zinatsala kuphiri. Ndili mwana ndinkayesa kuti abambo onse ndi otero, mpaka tsiku lina nditaona bambo wa mnzanga akutsuka mapazi pampopi. Ndinathamangira kwathu kukauza amayi kuti bambo aja ali ndi zala zochulukitsa. Amayi anaseka mpaka misozi. Sindikumbuka kuti ndinadzawaonanso akuseka choncho.

Bambo anali mmisiri womanga. Asanakwatire ankamanga nyumba za eni mtauni, lero pano mawa apo. Kenako ofesi ya boma yoyeza malo inalengeza kuti ikufuna amisiri okamanga zipilala pamwamba pa mapiri, iwo n'kukalembetsa. Chipilalacho sichinali chachikulu: simenti yofika m'chiuno, pamwamba pake kachitsulo kamkuwa. Oyeza malo ankakhazika makina awo pa kachitsuloko n'kumayang'ana chipilala china cha paphiri lina, n'kudziwa kutalika kwa mapiriwo ndi kutalikirana kwake. Mapu onse amene tinkaphunzira kusukulu ankachokera pamenepo. Bambo ankakonda kunena kuti, "Amati mapiri sakumana. Ife tinkawakumanitsa papepala." Mumsewu mwathu anangowapatsa dzina loti a Chipilala, ndipo dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso basi.

Dziko lathu ndi lalikulu moti ukakwera sitima Lolemba kuchokera kwathu, kumapiri umakatsika Lachinayi. Kumeneko kuli mitandadza itatu ya mapiri. Pamapu ili ndi mayina ake, koma anthu a ntchitoyo anali ndi awoawo. Wautali kwambiri ankautchula kuti Msana wa Ng'ombe. Wina, wopanda ndi mtengo womwe, ankati Dazi. Wachitatu, wa nsonga zakuthwa zondondozana, unali Macheka. Mu Macheka ndi mmene munali phiri limene aliyense ankadziwa kuti ndi lalitali kuposa onse m'dziko. Ankaliti Nkhalamba, chifukwa mutu wake unkakhala mbuu ndi madzi oundana chaka chonse. Pambali pake panali lina looneka locheperapo, limene ankangoliti Mphwake.

Tinkakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo omatira matayala. Amayi ankasoka pa makina akupalasa pafupi ndi zenera. Bambo ankachoka kuzizira kukamatha n'kudzabwera patapita miyezi isanu, nthawi zina isanu ndi umodzi, atada bii, milomo ili ming'alu yokhayokha, chikwama chikununkha utsi. Ine ndinabadwa iwo ali ku Dazi. Anadzandiona ndili ndi miyezi inayi, ndipo akuti ndinalira mpaka kukomoka atandinyamula. Ana awiri oyamba anamwalira ali makanda, choncho ndinakula ndekha, koma bambo ankanditchulabe kuti Mzime.

Akakhala pakhomo sankadziwa chochita ndi manja awo. Ankatenga makapu, botolo la mchere ndi mbale n'kuzindandalika patebulo. "Uyu ndi Nkhalamba, uyu Mphwake. Ife tinagona apa, pomwe pali supunipa."

"Chotsani mapiri anuwo ndiyalepo nsalu," amayi ankatero. Kwa anzawo ankanena kuti, "Ine ndili pamitala. Mkazi wamkulu ndi phiri, ine ndimangolandira zotsala."

Mnzawo wa ponda apa m'pondepo anali bambo wina wamfupi ngati dilamu, amene anthu mwachipongwe ankamutchula kuti Wamtali. Ndiye ankakanda simenti bambo akamamanga. Ankakhala misewu itatu kuchokera kwathu, ndi mkazi wake wogulitsa zovala zakale pamsika ndi ana anayi. Ankaitana bambo kuti achimwene ngakhale panalibe ubale. Akabwera kwathu ankaima pakhomo n'kuwerama ngati agunda mutu pafelemu, ine n'kumafa nazo kuseka.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka zinayi, ofesi inalamula kuti pa Nkhalamba pamangidwe chipilala. Bambo anali atakwezedwa kukhala kapitawo. Pamwamba pawo panali woyeza malo wamkulu, yemwe ankamutchula kuti Bwana Magalasi. Nkhani ya ulendo umenewu ndinaimva kambirimbiri, moti ndikhoza kuinena ndili mtulo. Amuna makumi awiri ndi atatu, masiku makumi anayi ndi limodzi. Simenti ankaigawa m'matumba ang'onoang'ono chifukwa pamwambapo mpweya ndi wochepa, munthu ukayenda mapazi khumi umaima kupumira m'mwamba ngati galu. Madzi ankauma gwa m'zitini, ankayamba awasungunula pamoto kuti akandire. Simenti inkakana kugwira chifukwa cha chisanu, mpaka anaifunditsa mabulangete awo iwo n'kumagona atapanikizana ngati ana a mbewa. Bambo anasiya zala zija kumeneko. Ndipo Wamtali sanabwereko.

Bambo ankati anadwala chifuwa, n'kumwalira mwakachetechete ali mtulo. Panalibe mphamvu zotsitsira mtembo, choncho anamuunjikira miyala pambali pa chipilala. Ndinali nawo tsiku limene anakanena kwa mkazi wake, mapazi ali m'mabandeji, akuyendera ndodo.

"Alamu," anatero, "amuna anu agona pamalo okwera kuposa onse m'dziko lino. Palibe wolemera, palibe wolamula, amene adzagone pamwamba pa iwo."

Mayiyo ankangoyang'ana mabandejiwo.

Kuyambira pamenepo, bambo akabwera kumapiri ankayamba adzera kumeneko. Ankatenga shuga ndi sopo, kukonza khoma, kumata denga, kufunsa za sukulu ya ana. Anthu ankawatama. Amayi okha ankangoti, "Denga lathu lino likudontha, koma mmisiri tili naye."

Amayi anamwalira ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anadwala sabata ziwiri zokha. Bambo anali ku Msana wa Ng'ombe, ndipo uthenga unatenga masiku khumi ndi awiri kuti uwapeze. Anafika maluwa a pamanda atauma kale. Anakhala pakhomo sabata imodzi, osadya, osayankhula. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinawapeza akumanga chikwama.

"Bambo, mukupitanso?"

"Anzanga akundidikira, Mzime. Chipilala ndinachisiya pakati."

Ndinawayang'ana akutuluka pakati pa milu ya matayala. Sindinawaperekeze kusiteshoni. Kwa zaka zambiri ndinkawayankha mwaulemu, kuwaphikira, kuwachapira, koma mtima wanga ndinautseka ndi loko.

Anapuma ntchito atagwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, atamanga zipilala makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu. Maondo anali atatheratu. Nyumba ija anaigwetsa pokuza msewu, choncho ndinawatenga kudzakhala nane. Ine ndimagwira ntchito pamalo ochapira ndi kusita zovala, ndipo ndimakhala m'nyumba yosanja, pansanjika yachitatu. Banja langa linatha kalekale, ana ndilibe. Kuti ufike pakhomo panga pali masitepe makumi anayi ndi awiri. Bambo ankawakwera akupumira pakona iliyonse, dzanja lili pakhoma, akudziseka okha. "Taona, Mzime, munthu wa pa Nkhalamba akugonja ndi masitepe a lendi." Oyandikana nafe ankawakonda. Telala wa pansi ndi mlonda wina wokhala m'chipinda choyang'anana nafe ankabwera Lamlungu masana kudzamva za mapiri, ndipo bambo ankakhala ngati abwerera pa unyamata.

M'mawa wina ndikukonzeka kupita kuntchito, iwo akumeta ndevu pagalasi la pazenera, wailesi inalengeza kuti oyeza malo ayezanso mapiri onse ndi makina atsopano olumikizana ndi setilaiti. Inati phiri lalitali kuposa onse m'dziko si lija tonse tinaphunzira kusukulu, koma loyandikana nalo, ndipo likuposa ndi mamita khumi ndi awiri. Woulutsayo anachitapo nthabwala, kuti aphunzitsi akonzeke kupepesa ana onse amene anawakwapula.

Bambo anaima lezala lili m'mwamba, thovu lili tsaya limodzi.

"Mphwake?" anatero. "Abodza. Ine ndinaima pa Nkhalamba, Mphwake ndinkamuyang'ana pansi."

"Mwina wailesi yalakwitsa, bambo."

"Upemphe tchuthi mawa. Tipite ku ofesi."

Anavala jekete la pa ukwati wawo ndi nsapato zimene ankaika thonje kutsogolo. Ofesi inali itasamukira m'nyumba yatsopano yamagalasi okhaokha. Mlonda wa pageti sanawadziwe. Bambo anatchula Bwana Magalasi, anatchula wosunga makiyi a sitolo, anatchula dalaivala wa lole. Mlondayo ankangopukusa mutu. Titadikira pabenchi maola awiri, kunabwera mayi wina wachitsikana, woyeza malo, n'kutilowetsa m'chipinda chozizira. Anali waulemu, sindingamunamizire. Anawakokera mpando, n'kutembenuza kompyuta kuti aone bwino. Mapiri awiri aja anali pamenepo, akuzungulira pang'onopang'ono ngati nyama yowotcha, lililonse ndi nambala yake pamutu.

"Ndiye kuti Bwana Magalasi analakwitsa?" bambo anafunsa.

"Si kulakwitsa kwenikweni, agogo. Makina a nthawi imeneyo ankadalira maso, ndipo mpweya wa m'mapiri umanamiza maso. Chinanso, nsonga yeniyeni ya phiri linalo ili kuseri, simukanaiona muli pomwe munaimapo. Kwa nthawi yawo anayesetsa kwambiri."

"Nanga pa Mphwakepo akamanga ndani?"

Mayiyo anayang'ana ine, ndinamufotokozera kuti ndi dzina la phiri linalo.

"Sipamangidwa kanthu, agogo. Anzathu anatera ndi helikopita, makina anakhalapo maola awiri, n'kubwerako. Nkhomaliro anakadyera kuhotela."

"Maola awiri."

"Eya."

"Zipilala zija mukuzigwiritsabe ntchito?"

Anazengereza. "Ayi. Zambiri za m'munsi anthu anaziphwanya, amafuna kamkuwa kaja. Za pamwamba kwambiri mwina zilipo. Palibe amene amapitako kukaona."

Kenako anapempha kuti ajambulitse nawo, akuti anzake sakakhulupirira kuti munthu wa zipilala adakali moyo. Bambo anaimirira, anakonza kolala, anajambulitsa. M'basi pobwerera bambo anangogwira chitsulo cha mpando wakutsogolo ndi manja onse awiri.

Masiku atatu anakhala osatsegula wailesi. Lamlungu telala atagogoda, anandiuza kuti ndinene kuti agona. Lolemba anati, "Undiperekeze kwa alamu."

Mkazi wa Wamtali anali atakalamba, akukhala kwa mwana wake wamkazi kuseri kwa msika. Bambo anali asanapiteko zaka zinayi chifukwa cha maondo. Tinamupeza pakhonde masana, akumasula juzi lakale n'kumakulunga ulusi pa kapepala. Analamula kuti atipatse mipando. Atapatsana moni, bambo anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Alamu, ndabwera kudzabweza mawu. Ndinakunamizani pawiri."

"Ndikumva."

"Ndinati amuna anu agona pamalo okwera kuposa onse. Si zoona. Ayezanso. Phiri lija ndi lachiwiri."

Mayiyo anapitiriza kukulunga ulusi. "Chinacho?"

Ine ndinali ndisakudziwa kuti pali chinanso.

"Sanafe ali mtulo. Anatsokomola masiku anayi, akulavula thovu la magazi. Matenda a pamwamba amenewo mankhwala ake ndi kutsika basi, tonse tinkadziwa. Anandipempha kuti atsike. Kuti atsike pankafunika amuna anayi omunyamula, ndipo ntchito ikanaima, nyengo inali ikutseka, tikanabwerako chimanjamanja. Bwana Magalasi anati, kapitawo ndiwe, anthu ndi ako, gamula. Ine ndinapita pomwe anagona n'kumuuza kuti, pirira masiku awiri okha simenti igwire, titsikire limodzi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, achimwene, mukanena inu. Anafa tsiku lachiwirilo dzuwa lili paliwombo, atatsamira thumba la mchenga, maso ali tong'o. Ine ndinali ndikusalaza pamwamba pa chipilala. Ndinamva akundiitana, ndinati ndikubwera, ndimalize kaye mbali iyi."

Pamsika wina ankaitanira malonda a mabeseni. Mayiyo anadula ulusi ndi mano.

"Ndinkadziwa," anatero.

Bambo anadzutsa mutu.

"Mmodzi wa onyamula katundu anabwera chaka chomwecho, ataledzera, n'kundiuza zonse akulira. Ngakhale za thumba la mchengazo."

"Ndiye bwanji simunandifunse, zaka zonsezi?"

"Ndikanafunsa mukanachita manyazi n'kusiya kubwera. Ine ndinali ndi ana anayi ndi khoma lopendekeka. Ndinkalandira shuga wanu, ndinkakuthokozani, mukachoka ndinkakasanza kuseri." Ananena zimenezi mopanda ukali, ngati akunena mtengo wa malaya. "Za kutalika kwa phirizo zinali zanu, alamu, munkadzitonthoza nazo nokha. Ine ndinkafuna manda oti ndizipita kukazulapo udzu."

"Mundikhululukire."

"Mwabwera lero chifukwa phiri lafupika. Likanakhala lalitalibe, mukanafa nazo m'mimba."

Bambo sanakane.

"Ine ndilibe nanu mlandu woti ndigamule," anapitiriza mayiyo. "Mwini wake mukudziwa pomwe munamusiya. Mukamupemphe yekha." Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe mwanawe, wanenepatu. Ntchito ikuyenda?"

Tinatsanzika. Titafika pansi pa nyumba yathu, bambo anakwera masitepe asanu n'kukhala pansi. Anayesanso, miyendo inakana. Ndinakaitana telala ndi mlonda uja, anawakhazika pampando wapulasitiki n'kuwanyamula, wina kutsogolo wina kumbuyo, akupumira pakona iliyonse. Mlonda anayesa nthabwala, kuti lero bwana akwera ndege. Bambo anatseka maso mpaka tinafika. Panja sanadzapondenso.

Anakhala miyezi ina isanu ndi iwiri. Dokotala amene ndinamuitana sanapeze matenda oti n'kuwatchula dzina; anangoti mtima watopa, azidya bwino. Koma chakudya ankangochigwiragwira. Za mapiri sanazitchulenso, ngakhale kamodzi. Ankakhala pabedi kuyang'ana khoma la nyumba yoyandikana nayo, pomwe pali paipi yodontha ndi ndere zobiriwira. Ndikabwera kuntchito ndinkawapeza momwe ndinawasiyira, tiyi atazizira, ntchentche ili m'kapu.

Ndinkaganiza kuti ndikawaona atasweka choncho mtima wanga udzatseguka. Unatseguka pang'ono, koma mochedwa, ndipo sindinkadziwa polowera. Ndinkawasambitsa, kuwadzoza mafuta m'maondo, kuwameta. Tinkakhala anthu awiri m'chipinda chimodzi, aliyense ndi chisoni chake ngati apaulendo odikira mabasi osiyana.

Tsiku lina Loweruka ndikuwadula zikhadabo za m'manja anandifunsa, osandiyang'ana.

"Mzime, amayi ako aja akudwala, ankanditchula?"

Ndikanatha kunama. Bodza linali pakamwa penipeni, lofewa, losavuta. Koma ndinali nditaona kumene bodza lachifundo linawafikitsa, kapena mwina ndi mkwiyo wakale umene unayankhula, mpaka lero sindidziwa.

"Anafunsa kawiri masiku oyambirira. Kenako anasiya."

"Anati chiyani posiyapo?"

"Anati musawavutitse, ali pantchito."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kundipatsa dzanja linalo kuti ndidule.

Anamwalira Lachitatu cham'mawa ine ndili kuntchito. Mlonda ndi amene anawapeza, ataweruka, atalowa kuti awapatse moni. Anabwera kudzandiuza akadali mu yunifolomu, n'kuima pakhomo la chipinda chositira, nthunzi ili tolo, chipewa chili m'manja. Sanafunike kunena. Ndinazimitsa simbi, ndinapachika malaya a eni, ndinakauza abwana. 

Kumaliro kunabwera anthu khumi ndi anayi, ambiri a iwo a m'nyumba yathu yosanjayi ndi anzanga awiri a kuntchito. Kwa Wamtali kunabwera mwana wamkazi uja, anati amayi ake miyendo ikuwavuta. A zipilala anzawo sindinadziwe kowapeza, ngati alipo amene atsala.

Ndinalembera kalata ofesi yoyeza malo, kungowadziwitsa kuti munthu wawo wapita. Yankho linafika patatha miyezi iwiri, lotayipa bwino, pa pepala lolimba. Anapepesa kwambiri chifukwa cha imfayo, ndipo anapempha kuti ndiwauze gawo limene malemuwo ankagwiramo ntchito ndi zaka zake, chifukwa dzina lawo silikupezeka mu kompyuta. Anaikamo ndi fomu yoti ndilembe.

Sindinayankhe.